The Art of Loving ya Olivia Dean: mtsikanayu sakuwa koma akumveka patali

Ndiyambe ndi zimene ambiri mukufuna kumva musanawerenge zonsezi: chimbale cha The Art of Loving cha Olivia Dean ndi chabwino, chabwino kwambiri, ndipo ngati mumangodziwa Man I Need yokha chifukwa yakhala ikuzungulira pa TikTok ndi m'ma status a anthu nde kuti simunamumve bwinobwino mtsikanayu. Chinatuluka pa 26 September 2025, muli nyimbo 12 basi, chonse chimatenga mphindi pafupifupi 34, moti chimatha usanakhute ndipo ine nthawi zambiri ndimangochibwezanso poyambira. Sikuti ndichiyamikira paliponse ayi, pali malo amene sichinandifike pamtima ndipo ndiwatchula, koma zabwino zake zachuluka kutalitali.

Chimene chimandiwawa ndi anthu amene akumanena kuti Olivia wangotulukira dzulodzuloli, ati TikTok ndi imene yamupanga. Ayi abale. Mtsikanayu anabadwa mu March 1999 ku London, anakulira cha ku Walthamstow, bambo ake ndi Mngelezi pomwe mayi ake mizu yawo ili ku Jamaica ndi ku Guyana. Dzina lake lapakati ndi Lauryn, anamutcha potengera Lauryn Hill, woyimba wotchuka wa ku America, nde mutha kuganiza nokha nyimbo zimene zinkalira m'nyumba imene anakuliramo. Ali ndi zaka 15 analowa BRIT School ya ku Croydon, sukulu ya zaluso imene munadutsanso Adele, Amy Winehouse ndi Raye, poyamba ankaphunzira zisudzo zoyimba kenako nkutembenukira ku zolemba nyimbo zake, gitala ndi piyano anachita kudziphunzitsa. Wayimbapo mumsewu anthu akungodutsa, wayimbapo kumbuyo ngati wothandizira m'gulu la Rudimental, ntchito imene umaima pakona ya siteji anthu osakudziwa nkomwe dzina, iwe ntchito yako nkuonetsetsa kuti mawu a mnzako akukoma. Munthu amene wadutsa pamenepo amaphunzira kumvetsera asanatsegule pakamwa, ndipo zimenezo zikumveka m'chimbale chino.

Nyimbo yake yoyamba inatuluka mu 2018. Kenako tizimbale tating'onoting'ono, Ok Love You Bye mu 2019, What Am I Gonna Do on Sundays? mu 2020, Growth mu 2021. M'chaka cha Covid chija malo oyimbira onse atatsekedwa iye anakwera galimoto yachikasu nkumazungulira madera a ku UK kumayimbira anthu panja, galimoto yomweyo ndiye siteji. Chimbale chake choyamba chachikulu, Messy, chinabwera mu June 2023, chinafika pa nambala 4 ku UK nkulowanso pa mndandanda wa opikisana pa Mercury Prize, mphoto ya chimbale chabwino cha chaka ku UK ndi Ireland, chaka chimene mphotoyo inapita kwa Ezra Collective. Mu 2024 anayimba pa Pyramid Stage, siteji yaikulu ya chikondwerero cha nyimbo cha Glastonbury ku England. Nde muwerenge nokha, kuchoka 2018 kufika 2025 ndi zaka 7 akukwera pang'onopang'ono, holo yaing'ono kenako yokulirapo, osalumpha. The Art of Loving ndi chimbale cha munthu amene wayimba pamaso pa anthu kambirimbiri mpaka akudziwa pamene anthu amasiya kumvetsera ndi pamene amakhala chete nkutchera khutu.

Mawu ake ndi amene andigwira kwambiri ine. Si aja okwera mpaka kudenga, si aja oti munthu akamayimba mitsempha ya pakhosi imachita kutuluka ayi. Ndi mawu ofunda, okhala pakatikati, nthawi zina otsikirako, ndipo sawathamangitsa. Oyimba ambiri aluso masiku ano amafuna akuonetse zonse zimene angathe mu vesi yoyamba yomwe, liwu limodzi kulipinda kasanu kuti udziwe kuti ndi akatswiri, mapeto ake umagoma ndi luso koma nkhani ya nyimbo osaimva. Olivia amayimba ngati mnzako amene mwakhala naye pakhonde usiku akukuuza nkhani yake motsitsa mawu, iwe nkumasendera pafupi wekha kuti usaphonye kanthu. Ngakhale katchulidwe kake ka ku London sakabisa, sayesa kumveka ngati wa ku America, ndipo m'nyimbo zosangalala umachita kumva kuti akumwetulira uku akuyimba. Chingelezi chake nchosavuta kutsatira, liwu lililonse limamveka, sufunika kuchita kusaka mawu a nyimbo pa intaneti kuti udziwe chimene akunena.

Kumbuyo kwake kuli zida zenizeni zoyimbidwa ndi manja a anthu, bezi, ng'oma zomenyedwa mofatsa, piyano, gitala, malipenga, mavayolini apa ndi apo, ndi timawu ta kumbuyo tija tongoyankhira mokoma. Ukamamvera umamva fungo la soul ya m'ma 1960 ndi 1970, ka Motown, ka bossa nova ya ku Brazil, ka jazz pang'ono, koma sizikumveka ngati wavala zovala za agogo ake kuti ajambulitse ayi, ndi nyimbo za lero ndithu, za mtsikana wa zaka za m'ma 20 amene ali ndi foni m'manja ndipo sakudziwa ngati munthu uja ayankhe meseji. Mbali yaikulu anajambulira m'nyumba ina ku East London imene anaisandutsa situdiyo, iye nkumagona momwemo, akugwira ntchito ndi pulodyusa Zach Nahome ndi anzake ena olemba nawo. Ine ndimakhulupirira kuti kufatsa kumene kuli m'chimbalechi kukuchokera pamenepo, palibe nyimbo imene ikumveka ngati inajambulidwa mothamanga wina akuyang'ana wotchi kuti nthawi ya situdiyo yatha.

Mutu wa chimbale chonse ndi chikondi, inde, ndikudziwa, aliyense amayimba za chikondi. Koma iye wanenapo kuti maganizo ake anawatenga kwambiri m'buku la bell hooks, wolemba wa ku America, lotchedwa All About Love, loti chikondi si chinthu chongokugwera koma ndi chinthu chochita, chophunzira, choti ukhoza kumachilakwitsa nkumakonza. Nde m'nyimbo 12 zonsezi mulibe ija yoti ndifa ukandisiya, mulibe yotukwana ex, mulibe yopempha mogwada. Muli munthu amene akufuna kukondedwa ndipo sakuchita nazo manyazi, koma sakufuna kudzitaya yekha pofuna zimenezo. Apa ndi pamene mtsikanayu wasiyana ndi anzake ambiri.

Mukangodutsa kanyimbo kotsegulira kosakwana ndi mphindi imodzi komwe, mumalowa mu Nice to Each Other, imene inali yoyamba kutuluka chimbale chisanabwere. Gitala wake ndi wopepuka, ng'oma ikungoyenda osathamanga, ndipo nkhani yake ndi ya anthu awiri amene sakudziwa kuti ali pa chani, chibwenzi si chibwenzi, chinzake si chinzake, nde iye akuti bwanji tisiye kukakamiza kuti tizitche dzina, tingokhalirana bwino basi. Ena anena kuti amenewo ndi maganizo a anthu oopa kumanga zinthu, ndipo mwina pali kachoonadi, koma ine ndikumva munthu amene watopa ndi malonjezo akuluakulu amene satha mwezi ndipo akupempha chinthu chaching'ono chimene chimasowa kwambiri, ulemu ndi chifundo pakati pa anthu awiri kaya zitha bwanji.

Man I Need ndiye imene yavuta dziko lonse, ndipo ndi zomveka. Inatuluka mu August 2025, anailemba ndi Tobias Jesso Jr. komanso Zach Nahome. Imayamba ndi mawu ake akuitana kenako ng'oma ija yodumphadumpha imalowa, piyano ikugunda mokhala ngati ya kutchalitchi, ndipo usanadziwe phewa layamba kale kugwedezeka. Koma tamverani zimene akunena. Sakudandaula kuti mwamunayo ndi woipa, sakumuopseza kuti ndichoka, akungomuuza mosabisa kuti ine ndakupatsa kale mpata, ndakuonetsa kuti ndikukufuna, nde lankhula, usandisiye ndizingoganizira, bwera ukhale mwamuna amene ndikufuna. Ndi mkazi amene akuyamba yekha kunena zimene akufuna, mosangalala, akuvina, popanda kudzichepetsa komanso popanda mwano. Amuna ambiri amene akuvina nyimboyi sakudziwa kuti akuuzidwa zoona zokhazokha, zoti kukhala duu ndi kumayankha mwachidule si umuna, ndi kumutopetsa mnzako. Chinanso chimene ndimaikondera ndi choti ndi yaifupi, mphindi zitatu basi, korasi ikangokukola nyimbo yatha, nde umaibwereza. Yaseweredwa mopyola muyeso, zoona, pali masiku ndimaidumpha chifukwa ndaimva paliponse, koma ikandipeza mwadzidzidzi imandisangalatsabe ngati kale.

So Easy (To Fall in Love) ndi ina yoti sungaimvere nkhope ili gwa. Kabossa nova kaja, malipenga ofewa, iye akudzichemerera yekha kuti kundikonda ine nkosavuta, ndine woti ungasangalale nane Loweruka usiku komanso ungakhale nane moyo wonse. Pakamwa pa woyimba wina zikanamveka ngati matama, koma iye akuzinena mwansangala moti umangovomera. Lady Lady ndi ya kusintha, munthu kuona kuti zovala zimene unkakonda sizikukukhalanso, nyumba imene unazolowera ukuisiya, ukukula kaya ufune kaya usafune. Bezi yake ndi yokoma koopsa koma imafuna mahedifoni, pa sipika ya foni simuimva.

Pakati pa chimbale pali ziwiri zolemera. Let Alone the One You Love ndi ya munthu amene poyamba ankaoneka kuti ndi wosiyana ndi ena onse, kenako nkuyamba kukuchepetsa, ukasangalala akuti wachulutsa, ukachita bwino iye nkhope yagwa, mpaka umayamba kudzibweza wekha kuti iye asakhumudwe. Funso lake ndi losavuta, munthu ungachite bwanji zimenezi kwa mnzako wamba, nanji kwa amene ukuti umamukonda. Amayimba mosakweza mawu ndipo nchifukwa chake imapweteka, akanakuwa bwenzi tikungoti wapsa mtima zimuthera, koma apa ukumva munthu amene waganiza mofatsa nkuona kuti ayi, izi si zoona. Loud ndiye imayamba ndi gitala yekha, zala zikudokola nsambo pang'onopang'ono, mavayolini nkumabwera kumbuyo mpaka kudzaza chipinda chonse, ndipo apa ndi pamene amatsegula mawu ake kwambiri m'chimbale chonse. Nkhani yake ndi ya munthu amene anabwera yekha, iwe usanamupemphe, nkukuzoloweza, kenako nkungoti zii osanena chifukwa. Amene munasiyidwapo popanda ngakhale mkangano, munthu kungosiya kuyankha, mukudziwa kuti kukhala chete kumeneko kumasokosa kuposa kutukwanidwa. Chifukwa choti nyimbo zina zonse wakhala akudzigwira, akafika pokweza apa thupi limachita tsembwe.

Baby Steps ndinaimvetsa bwino kudzera mwa achemwali anga. Banja lawo litatha anakhala nthawi osafuna nyimbo iliyonse ya chikondi, ikangoyamba ankati tazimitsa. Tsiku lina ndili kwawo ndikuthandiza kupinda zovala ndinasiya chimbalechi chikulira pa kasipika, itafika nyimbo imeneyi anasiya kupinda, malaya ali m'manja, nkufunsa kuti akuti chani pamenepo. Ndinawafotokozera kuti akunena zobwerera kunyumba madzulo nkupeza magetsi ali ozima chifukwa palibe amene anatsala, zotsika ndege kapena basi popanda woti umuuze kuti ndafika, ndiye akuti ndiziphunzira kudzisamala ndekha, pang'onopang'ono ngati mwana amene akuphunzira kuyenda. Anangoti, "Iii, ameneyo wadutsamo," nkundiuza kuti ndiibwereze. Sanalire, anapitiriza kupinda zovala zija, koma madzulo ake ananditumizira meseji kufunsa dzina la woyimbayo. Luso la Olivia lili pamenepa, sanena kuti mtima wanga wasweka, amatchula tinthu ting'onoting'ono timene munthu wosiyidwa yekha ndi amene amatidziwa, ndipo nyimboyo ili ndi kagwedezedwe kake, si yogonetsa, moti umatha kuyenda nayo.

Koma ine yanga yeniyeni ndi A Couple Minutes. Aaa, nyimbo imeneyi. Wakumana mwangozi ndi munthu amene munali naye kale, papita nthawi, aliyense ali ndi moyo wake, mwaima kwa mphindi zochepa nkumafunsana timafunso tija, kodi unasamuka, kodi unasiya zakuti, ukuona tinthu tasintha pa iye ndi tina timene sitinasinthe, ndipo nonse mukudziwa kuti mukatha apa aliyense abwerera kwake ndipo palibe chibwererenso. Palibe chidani, palibe zoti tiyesenso. Chimene akunena nchoti chikondi chimene munapatsana sichinapite pachabe ngakhale kuti sichinafike kumene munkafuna. Ndi nyimbo zingati zimene zimanena zimenezi? Zambiri zimati ex ndi mdani kapena ex ndi amene ndikumulirabe, pomwe anthu ambiri amene ndikuwadziwa ali pakati, amamufunira zabwino munthuyo ndipo safuna kubwererana naye, basi. Kayimbidwe kake ndi ka soul yakale, mavayolini otsetsereka, ng'oma yochedwa, timawu ta kumbuyo tikuyankha, ndipo iye amachedwa dala pang'ono kulowa m'mizere ina, ngati munthu amene akuganiza kaye ngati anene kapena asanene. Mukaimvera ndi mahedifoni usiku mumva mpweya wake asanayambe mzere, sanaufufute, ndipo anachita bwino kuusiya.

Chimbale chimatsekedwa ndi I've Seen It, gitala ndi mawu basi, zina zonse zochepa kwambiri. Apa wachoka pa za iye ndi mwamuna, akuwerenga malo amene waonapo chikondi, kwa makolo ake, kwa anzake, kwa anthu osawadziwa m'sitima ndi m'mapaki, chikondi chimene chakalamba ndi chimene changoyamba. Ndi yaifupi ndipo ndi yokwana choncho.

Tsopano zimene sizinandikomere. Choyamba, chimbalechi ndi chosalala kwambiri, pena mopitirira. Close Up ili ndi malipenga abwino koma ndikamaliza chimbale sindiikumbukira, ndipo Something Inbetween ikunena pafupifupi zomwe Nice to Each Other yanena kale, zofuna kukhala pakati osamangika, kungoti mofooka. Si nyimbo zoipa, koma pa chimbale cha mphindi 34 nyimbo ziwiri zongodutsa ndi zambiri. Pali nthawi ndimalakalaka ng'oma itamenyedwa mwamphamvu, gitala atalira mokanda pang'ono, kapena iye atapsa mtima kamodzi kokha osaganiza kaye. Aliyense m'nyimbozi ndi wakhalidwe, ngakhale wolakwiridwa akulankhula mwaulemu, pomwe chikondi chenicheni nthawi zina chimakhala chonyansa, umanena zinthu zimene mawa umachita nazo manyazi. Pa Messy panali timakona tosasalala, nyimbo zina zoyesa zinthu zachilendo zimene mwina sizinatheke bwino koma zinali ndi moyo. Apa zonse zakonzedwa mpaka nkutheka kuchiika chizilira kumbuyo anthu akucheza osamva kanthu, ndipo ndikuopa kuti ambiri azichimvera choncho.

Chachiwiri ndi chimene chimandikhudza kwambiri, mulibe nyimbo ngati Carmen. Amene simunaimve, Carmen ndi nyimbo yotseka Messy, anaimbira agogo ake aakazi amene anachoka ku Guyana ali ndi zaka 18 kupita ku UK. Agogowo ndi a m'badwo umene amautcha Windrush, dzina lochokera ku sitima ya pamadzi ya Empire Windrush imene inafika ku Tilbury mu 1948 itanyamula anthu ochokera ku Caribbean. Anthu amenewa anapita kukagwira ntchito dziko la Britain likudzimanganso nkhondo yachiwiri itatha, m'zipatala, m'mabasi, m'sitima, m'mafakitale, anakhala zaka makumimakumi akulipira msonkho, kenako mu 2018 zinaululika kuti boma linkawauza ena mwa iwo kuti alibe chilolezo chokhala m'dzikomo, ena anachotsedwa ntchito, ena anakanizidwa chithandizo, ena mpaka anathamangitsidwa, nkhani inakula moti nduna ya za m'dziko Amber Rudd anatula pansi udindo. Nde mdzukulu kudzuka nkulemba nyimbo yothokoza agogo ake, mawu a agogowo akumveka momwemo, zitsulo zija za steel pan za ku Caribbean zikulira, osati nyimbo yolira koma yachikondwerero, yonena kuti agogo munalimba mtima ndipo ine ndili pano chifukwa cha inu, chimenecho ndi chinthu chachikulu. Ku Glastonbury anayimba atavala chovala chokhala ndi chithunzi cha agogowo pachifuwa. Nyimbo imeneyo inandionetsa kuti mtsikanayu akhoza kulemba za dziko, za mbiri, za banja, osati za zibwenzi zokha. Pa The Art of Loving mbali imeneyi yangosuzumira pang'ono mu I've Seen It basi. Ndikumvetsa kuti chimbale chili ndi mutu umodzi ndipo anafuna kukhala pomwepo, koma chikondi cha agogo ndi mdzukulu nachonso ndi chikondi, malo analipo.

Za mmene chayendera pamsika sindichedwapo chifukwa manambala si amene amakometsa nyimbo, koma ndi zoti muzidziwe. Mu October 2025 chimbalechi chinakhala nambala 1 ku UK sabata yomweyo imene Man I Need inakhala nambala 1 pa nyimbo, ndipo mkazi wa ku Britain woyimba payekha amene anachita zimenezi komaliza anali Adele mu 2021. Nthawi yomweyo Rein Me In, imene anayimba ndi Sam Fender, nayonso inali mu top 10, ngakhale kuti imeneyo musaisake pa chimbalechi mulibe. Ku America nako Man I Need inalowa mu top 10 ya Billboard Hot 100. Kenako mu February 2026 anatenga Grammy ya Best New Artist, ndipo polandira ananena kuti waima pamenepo ngati mdzukulu wa munthu wobwera kuchokera kudziko lina, kutanthauza agogo aja. Zinandisangalatsa kuti sanawaiwale pa siteji yaikulu chonchija. Mawu oti woyimba watsopano pa munthu amene wakhala akutulutsa nyimbo kuyambira 2018 ndi odabwitsa pang'ono, koma mphotoyo imayang'ana chaka chimene munthu waphulika, nde palibe chonena.

Chinanso chimene chinandipatsa ulemu pa iye ndi nkhani ya matikiti. Mu November 2025 matikiti a ma shoo ake a ku North America atangotha, anthu ogula kuti agulitsenso anayamba kuwaika pa mitengo yokwera kangapo kuposa mtengo weniweni. Oyimba ambiri amangokhala chete pa zoterezi chifukwa makampani ake ndi akuluakulu ndipo ukawayamba ukhoza kudzitsekera zitseko. Iye analemba poyera kudzudzula Ticketmaster, Live Nation ndi AEG, makampani ogulitsa matikiti ndi kukonza ma shoo, kuti zimenezi si zoona, nyimbo zikuyenera kufikirika ndi anthu wamba, ndipo mapeto ake Ticketmaster inavomera kuti matikiti a ulendo wakewo asagulitsidwenso mopyola mtengo woyamba komanso kubweza ndalama yapamwamba kwa amene anali atagula kale modula. Munthu amene akungoyamba kumene kulowa m'maholo akuluakulu kuchita zimenezi si masewera, ndipo zikugwirizana ndi munthu amene ndikumumva m'nyimbozi, wofatsa koma wosalola kupondedwa.

Nkhawa yanga ili pa zimene zikubwera. Nyimbo imodzi ikaphulika chonchi makampani amafuna ina yofanana nayo, ndipo pali chiopsezo choti chimbale chachitatu chidzakhale Man I Need khumi, zonse zosangalala, zonse zosalala, zopangidwira timavidiyo ta masekondi 15. Komanso nyimbo zake zambiri zinabadwira m'zipinda zing'onozing'ono, A Couple Minutes kapena I've Seen It m'bwalo la anthu masauzande ambiri ngati O2 Arena ya ku London, kodi kufatsa kuja kupulumuka? Zimene ndaonera pa YouTube za ma shoo ake zimandilimbitsa mtima, amayenda ndi bandi yathunthu, malipenga ali pomwepo, iye akuvina momasuka uku akuseka ndi oyimba anzake, ndipo mawu ake pa siteji ndi omwewo a pa chimbale, mwinanso okoma kuposa. Ndikungopempha kuti amusiye azilemba yekha zimene waona ndi maso ake.

Nde ndani amene chimukomere chimbalechi? Ngati mumafuna bezi yogwedeza mawindo ndi nyimbo zothamanga kuyambira poyamba mpaka pomaliza, apa mupezapo ziwiri kapena zitatu zokha, zinazo muziona ngati zogonetsa. Koma ngati mumakonda mawu omveka, zida zenizeni, ndi nkhani zimene mukhoza kuziona m'moyo wanu kapena wa mnzanu, musachedwe. Chili pa Spotify, Apple Music ndi YouTube, ndipo amene mumakonda kugwira chinthu m'manja chiliponso pa CD ndi pa vinyl. Chonde musachimvere pa sipika ya foni, theka la ntchito imene anthuwa anagwira ili mu bezi ndi m'timawu ta kumbuyo ndipo foni imazimeza zonsezo, pezani mahedifoni kapena sipika yabwinoko. Musachisakanizenso ndi shuffle ulendo woyamba, chimvereni mmene anachisanjira chifukwa Loud imagunda bwino ikabwera pambuyo pa zofewa zija, ndipo Baby Steps imafunika kubwera Loud itangotha. Mukamaliza pitani pa Messy mukamvere Dive, The Hardest Part ndi Carmen, kenako mudzandiuze ngati nanunso mukuona kuti pa chimbale chatsopanochi panafunika nyimbo ina ya agogo.